Makhadi Awiri Pakhomo Limodzi

Anakumana pakampani yopikulitsa sopo ndi mafuta ophikira. Mwamunayo anali kalaliki mu ofesi ya m'mwamba, mkaziyo ankalongedza katundu m'makatoni pansi. Ankabwera limodzi m'mawa atafunda ambulera imodzi, ndipo anzawo ankawaseka kuti ngakhale chimfine amadwala tsiku limodzi. Mulungu atawapatsa mwana wamkazi, kalaliki anatha sabata yonse akuonetsa chithunzi chake pafoni, ngakhale kwa madalaivala amene sanamufunse.

Chaka chomwecho bwana anabweretsa makina. Khomo lililonse linaikidwa kabokosi, wantchito aliyense n'kupatsidwa khadi. Ukagunditsa khadi pakabokosipo, kompyuta ya m'mwamba inkalemba kuti uje walowa chipinda chakuti, nthawi yakuti. Zinathandiza ndithu, tisaname: katundu analeka kusowa, malole analeka kuchedwa. Woyang'anira kompyutayo anali kalaliki uja, ndipo Lachisanu lililonse ankasindikiza lipoti n'kukapereka kwa bwana. Lipoti loyambirira linachotsetsa ntchito mayi wina amene ankachedwa kubwerera masana.

"Si ine ndamuchotsa," anatero kunyumba akuvula masokosi. "Makina sakondera. Ngakhale inu mayi a mwana mutachedwa, ndingakulembeni."

Mkazi anaseka, koma mawuwo anawasunga.

Tchuthi cha uchembere chitatha, mwana anatsala ndi mng'ono wake wa mkaziyo, ndipo anakaniratu botolo. Ankalira mpaka kusasa mawu. Ife amene tinayamwitsapo tikudziwa, bere likadzaza silidziwa wotchi. Kupuma kwa masana kunkatha 1 koloko, koma kupita kunyumba ndi kubwera kunkafika 2 koloko.

Amene anaona vutoli ndi a Makiyi, bambo wachikulire wosunga chipinda cha katundu, amene dzinali analitengera ku mulu wa makiyi wolendewera palamba wawo. Anamupeza mkazi uja kuseri kwa makatoni akulira, bulauzi itanyowa pachifuwa.

"Mwana wanga, uzindisiyira khadi lakolo," anatero. "Ikakwana 1 koloko ndizigunditsa pamodzi ndi langa, makina aziti uli muno ukundithandiza. Iwe uzitulukira geti la malole, ukayamwitse. Koma amuna akowo asamve. Akamva ndiye kuti atilembe ife tichotsedwe, kapena anamize bwana achotsedwe iwo."

Anayamba choncho. Analakwa kubisa, inde, koma ndi mayi uti amene akanasankha kabokosi ka pakhomo kusiya mwana akukomoka ndi njala?

Lachisanu lachitatu, kalaliki anaona mizere iwiri yogundizana papepala. Khadi la mkazi wake ndi la a Makiyi, khomo limodzi, mphindi imodzi. Kulowa 1 koloko, kutuluka 2 koloko. Anabwerera m'mbuyo pakompyuta, napeza kuti tsiku lililonse zinali chimodzimodzi. Mayi wophika tiyi, amene maso ake sankaphonya pepala lililonse la patebulo, anaika kapu mwaulemu.

"Achimwene, paja nthawi imeneyo m'chipindamo simukhala munthu? Onyamula katundu amayamba 2 koloko. Kaya, ine sindinanene kanthu."

Pofika Lolemba nkhani inali itafika kwa madalaivala. Kalaliki akamadutsa, wina ankatsokomola dala, wina n'kumati, "Okalamba a masiku ano ali ndi mphamvu, anzanga." Ndipo munthu amene ankadzitama kuti angalembe ngakhale mkazi wake anayamba kufufuta mizere ija asanapereke lipoti, chifukwa cha manyazi.

Nsanje ili ngati chiswe: kunja mtengo uli bwinobwino, m'kati mwatha kalekale. Kalaliki analeka kunyamula mwana. Ankamuyang'anitsitsa makutu ndi mphuno ngati akufufuza munthu wina pankhopepo. Patapita sabata ziwiri, Loweruka masana, mkazi akusita, iye anaponya mapepala pamwamba pa zovala.

"Werenga."

"N'chiyani ichi, bambo a mwana?"

"Usanditchule choncho. Mumachita chiyani ndi nkhalamba ija ola lathunthu?"

"Nkhalamba iti? Ine m'chipinda chimenecho sindilowamo masana."

"Ndiye khadi lako lili ndi miyendo? Limayenda lokha?"

"Ndikulumbira pa mwana uyu, sindilowamo. A Makiyi aja ndi ofanana ndi bambo anga. Mukuganiza zoterezi, inuyo?"

"Anthu akundiloza zala kuntchito konse, iwe uli pano kulumbira. Ndikhulupirire pakamwa pako kapena chimene chalembedwa apa?"

Mkazi anatsegula pakamwa kuti aulule, koma anakumbukira mayi wochotsedwa uja, anakumbukira a Makiyi ndi ana awo asanu, n'kumeza mawuwo. Anati mumtima, ndiyambe ndawapempha a Makiyiwo Lolemba, kenako ndinene zonse. Malaya amene ankasita anapsa pakolala.

Lolemba, itangotsala pang'ono 2 koloko, kalaliki anatsika n'kubisala kuseri kwa lole. Akanafika theka la ola m'mbuyomo n'kusuzumira m'chipindamo, akanapeza a Makiyi ali okhaokha, akuwodzera pamulu wa makatoni. Koma anafika nthawi imene mkazi wake anali atangolowa pageti mothamanga. Anamuona ataima pakhomo la chipindacho, thukuta lili kamukamu, akupumira m'mwamba. A Makiyi anamufumbatitsa kanthu m'manja, n'kumuloza pachifuwa akuseka.

"Konza mabatani, mwana wanga, wamanga mopotoza."

Mawu amenewo kalaliki anawamva bwinobwino. Pafupi panali chitsulo chokanulira mabokosi. Anachitola n'kumenya nacho a Makiyi kawiri. Iwo anagwa chafufumimba pasimenti, ndipo mkazi anagwada pambali pawo akukuwa, khadi likadali m'manja.

"Ndimakayamwitsa! Bambo a mwana, ndimakayamwitsa mwana wanu!"

A Makiyi anatsirizika ali m'galimoto, asanafike kuchipatala.

Kukhoti zonse zinayalidwa poyera. Mlonda wa pageti la malole anachitira umboni kuti mayiyo ankatuluka tsiku lililonse 12 koloko n'kubwerera 2 koloko. Mng'ono wake uja anachitira umboni kuti ankafika kunyumba akuthamanga, n'kuyamwitsa ali chiimire. Katswiri amene anaika makinawo anafunsidwa ngati kompyuta inalakwitsa.

"Sinalakwitse," anayankha. "Inalemba kuti makhadi awiri agunda pakhomo. Dzanja limene lagwira khadilo, makina aja saliona."

Woweruza anatembenukira kwa kalaliki. "Sabata zonsezi, munapitapo kukatsegula chitseko chija nthawi imene pepala linkati ali m'katimo?"

"Ayi, bwana."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinkaona ngati ndaona kale."

Anamugamula kukakhala kundende zaka makumi awiri. Mkazi wa a Makiyi sanalire mokweza. Anangotuluka pang'onopang'ono, ana ake akumugwira mikono.

Mkazi wa kalaliki anachotsedwa ntchito chifukwa chobwereketsa khadi. Kundende anapitako kamodzi kokha, mwana ali kumbuyo. Anapeza mwamuna wake ataonda, atametedwa mpala, zala zitakola pawaya wolekanitsa akaidi ndi alendo.

"Mayi a mwana, bwanji simunandiuze?"

"Ndinkateteza ntchito yanu," anatero mkaziyo.

Msilikali wa ndende anaomba belu, nthawi ya alendo n'kutha.

Anzanga, makina ndi abwino pantchito. Amauza bwana kuti katundu ali pati, lole yanyamuka liti, ndani wafika. Koma amangonena chimene auzidwa. Sadziwa chifukwa chake munthu wachita chinthu, ndipo sangakufunsire mkazi wako mofatsa. Nawenso mayi mnzanga, chinsinsi chimene ukusungira mwamuna wako kuti umuteteze, dziwa kuti iye akudzaza mpatawo ndi zake za m'mutu, ndipo za m'mutuzo zimaipa kuposa zoona. Apa bodza linayamba ndi chifundo, ndipo amene anafa ndi mwini chifundoyo.