Wufa Yoyimba Yokha Lachinayi

Tsiku limene Aphunzitsi analowa koyamba m'sitolo ya zoyimbira, mvula inali itangokata kumene. Anayima pakhomo n'kupukuta nsapato kwa nthawi yaitali ngati akulowa m'nyumba ya apongozi. Mtsikana wogulitsa masipika anawayang'ana ali kuseri kwa kauntala, n'kudziuza mumtima kuti munthu wopukuta nsapato chotere sangakhale woipa.

Anati akufuna sabuwufa yaikulu, sipika ya mawu ogunda, ija yoti imalumikizidwa kumagetsi payokha, ndipo analoza chibokosi chachikulu kuposa zonse chimene chinali pakona.

"Balaza lanu ndi lalikulu bwanji, bambo?" mtsikanayo anafunsa.

"Mapazi asanu ndi atatu m'litali, asanu ndi limodzi m'lifupi. Mapazi anga, osati anu."

Mtsikana anaseka, n'kuwauza kuti chimene alozacho ndi cha m'holo, m'nyumba chingangogwetsa makapu. Atamva kuti iwo amakonda nyimbo za kwaya, anawasonyeza ina ya mainchesi khumi ndi awiri, yotsekeka mbali zonse, yopanda bowo lotulutsira mpweya. Anati yabowo imagunda kwambiri, ndi yabwino pa mafilimu, koma yotsekekayi imatulutsa mawu a besi oyera, osamemeza. Anaika nyimbo, n'kutenga dzanja lawo kuligoneka pamwamba pa bokosilo.

"Mwaimva?"

"Ndaimva," anatero Aphunzitsi, koma maso awo sanali pa bokosi.

Mwini sitolo, bambo wachikulire wokonza mawailesi amene aliyense ankangomutchula kuti Amisiri, ankavutika ndi msana sabata imeneyo. Motero Loweruka mtsikana yemweyo ndi amene anapita kukalumikiza wufayo pamodzi ndi ampulifaya yake.

Atafika anapempha kuti amuthandize kuikweza pampando umene Aphunzitsi amakhalapo. Iwo anadabwa. Iye anafotokoza kuti ndi mmene amapezera malo ake: wufa ikhale pampando wa womvera, munthu azikwawa m'mbali mwa makoma, ndipo pamene besi yamveka bwino koposa, pomwepo ndi pamene wufa ikakhale.

Anagwada n'kuyamba kukwawa, uku akung'ung'udza nyimbo. Aphunzitsi anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako nawonso anapinda thalauza n'kugwada. Anakumana mitu pafupi ndi shelefu ya mabuku.

"Inu mumayimba ngati kambalame," anatero akusisita pamphumi. Dzina linamera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo mtsikanayo anali Kambalame.

Atakweza mawu, china chake chinayamba kulira pakhoma. Chinali chithunzi cha mayi wovala yunifolomu ya kwaya, maso aakulu, kachipsera kakang'ono pachibwano. Kambalame anamata karabala kuseri kwa felemu kuti isagundane ndi khoma, n'kufunsa kuti mayiwo ndi ndani.

"Malemu akazi anga. Papita zaka ziwiri," anayankha motsitsa mawu. "M'nyumba muno munangoti zii. N'chifukwa chake ndagula chinthuchi."

Kambalame anawamvera chifundo. Kodi chikondi sichilowera pakhomo lomwelo?

Mauthenga anayamba sabata yomweyo. "Kambalame wanga, wufa ikuyimba bwino, koma ikusowa wokwawa naye." Tsiku lina: "Duwa langa, lero ndalemba dzina lako pabolodi m'malo mwa tsiku. Ana aseka." Mwezi wathunthu ankangokumana pasiteji ya basi ndi m'kamunda ka maluwa kuseri kwa positi ofesi. Aphunzitsi ankati m'nyumba mukadali katundu wa malemu, ayambe akonza.

Mwezi wachiwiri anamuitanira kunyumba. Lamulungu lililonse masana ankasuntha tebulo, Aphunzitsi n'kulumikiza foni yawo, awiriwo n'kuvina opanda nsapato. Mwezi wachisanu anamuveka mphete, n'kumupatsanso kiyi.

"Nyumba ino ndi yako. Sindidzakubisira kanthu mpaka tsiku londiika m'manda."

Chimodzi chokha anamuletsa. Kuseri kwa nyumba kunali khoma lokhala ndi kachitseko kachitsulo, ndipo kuseri kwa khomalo kunali kanyumba. Anati mumakhala anthu a lendi osakonda kucheza, asamawasokoneze. Kambalame sanaonepo chovuta.

Lachinayi linali tsiku lake lopuma. Ankapita kukachapa ndi kusita Aphunzitsi ali kusukulu, akuyeserera moyo umene unali kubwera.

Lachinayi lina, cha m'ma 3 koloko, akusita malaya pabalaza, kanyali kofiira ka wufa kanasanduka kobiriwira. Iye sanakhudze chilichonse. Panamveka kugunda kumodzi, du, kenako mawu a amuna a kwaya, otsika kwambiri, odukaduka, ngati akuchokera pansi pa simenti. Madzi a m'kapu ananjenjemera. Kambalame anaimva nyimboyo m'mapazi isanafike m'makutu, ndipo atakweza maso anapeza mayi wa pachithunzi akumuyang'ana.

Anathamanga n'kuzula pulagi. Malaya anapsa pakolala.

Madzulo Kambalame anawafotokozera Aphunzitsi zonse. Anamupempha kuti aing'ung'udze nyimboyo, ndipo atatero anagwira pamphumi.

"Inali nyimbo ya malemu imeneyo," anatero. "Usaope, Kambalame. Akufa sapweteka munthu. Mwina akungofuna akuone."

Anamulangiza kuti akakhala yekha azingozula pulagi. Koma Kambalame analephera. Nanga ngati mwini nyumba akufuna kunena kanthu, iye ndi ndani kuti amutseke pakamwa? Lachinayi lotsatira anaisiya ili yolumikiza, ndipo nthawi yomweyo kanyali kanabiriwira. Linzakenso chimodzimodzi. Ulendo uliwonse ankalimba mtima kamphindi, kenako n'kuzula.

Anayamba kulankhula ndi chithunzi. Ankagwada pansi pake n'kunena kuti sanabwere kudzalanda, angowasamalira bambowa basi, ndipo chithunzicho sadzachichotsa pakhoma. Chakudya chinasiya kutsika. Mphete inayamba kuzungulira pachala. Kodi angalowe bwanji m'banja limene mwini wake akumukana ali m'manda? Nanga angawasiye bwanji bambo amene amamutumizira uthenga m'mawa uliwonse wakuti, "Wadzuka bwanji, mtima wanga?"

Amisiri ndi amene anaona kuti mwana wawo wa pantchito akutha. Anamuitanira kuchipinda chokonzera zinthu, n'kumukhazika pa sipika yakufa. Kambalame anafotokoza zonse akulira. Iwo anamvetsera uku akupukuta magalasi.

"Mwanawe, zaka makumi atatu ndakhala ndikutsegula mawailesi. Ndapezamo mphemvu, ndapezamo makoswe, tsiku lina buluzi wouma. Koma mzukwa sindinaupezemo."

Anamukumbutsa zimene iye mwini ankauza makasitomala tsiku ndi tsiku. Ampulifaya ija imakumbukira foni iliyonse imene inalumikizidwapo pa bulutufu, ndipo foniyo ikangoyandikira imaigwira yokha, wufa n'kudzuka. Lamulungu siichita zimenezo chifukwa foni ya Aphunzitsi imakhala itatenga kale malo. Kudukaduka kwa nyimbo kukusonyeza kuti foniyo ili kumalire, kuseri kwa khoma kapena zenera.

Kambalame anati mafoni olumikizidwa ndi awiri okha, yake ndi ya Aphunzitsi.

"Ilipo yachitatu," anatero Amisiri mofatsa. "Ndipo mwini wake analowapo m'balaza limenelo wufa itagulidwa kale. Bulutufu sipita kutali, mwanawe. Ikadzayamba kuyimba usazule. Utuluke, uyende mapazi makumi awiri mbali iliyonse, uone amene wagwira foni."

Lachinayi linafika. Kambalame sanachape, sanasite. Anakhala pampando manja ali pamaondo mpaka kanyali kanabiriwira. Nyimbo itayamba anadzuka n'kutulukira khomo la kutsogolo. Mumsewu munali galu wogona basi. Kumbali kwa nyumba kunali mpanda wa maluwa ndi chingwe choyanikira zovala.

Panatsala kuseri.

Anawerenga mapazi kuchokera pazenera la balaza. Pa phazi la khumi ndi chiwiri anali atayima pa kachitseko kachitsulo kaja. Kanali kongokoweka ndi waya. Anakatsegula.

Pansi pa mtengo wa gwafa, moyandikana ndi khoma, panali njinga ya olumala. Panjingapo panakhala mayi wofunda shawelo, dzanja lamanja litapinda pachifuwa, lamanzere litagwira foni. Mbali imodzi ya nkhope yawo inali yogwa. Koma maso anali omwewo a pachithunzi, kachipsera ka pachibwano kanali komweko.

Kambalame anaima pakachitseko pomwepo.

Mtsikana wina amene ankachapa m'beseni pakhonde la kanyumbako anaimirira, thovu lili m'manja. Anali mng'ono wawo wa mayiwo.

"Ndinu amene mumasita malaya a alamu?" anafunsa mokalipa.

"Musiye," anatero mayiwo. Mawu awo ankatuluka limodzilimodzi, movutikira. "Bwerani pafupi, achemwali. Ndagogoda nthawi yaitali."

Kambalame anagwada pambali pa njinga. Zambiri anafotokoza ndi mng'ono uja, mkwiyo ukumuthera pang'onopang'ono. Mkulu wake anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, n'kukhala m'chipatala miyezi ingapo. Wufa ija alamu anagula kuti amulandirire potuluka, poti adokotala anati nyimbo zimathandiza. Foni ya mkulu wakeyo anailumikiza okha ndi manja awo. Mkulu wake anamvera masabata atatu okha. Kenako alamu anati masitepe a nyumba yaikulu ndi ovuta, asamukire kuseri, ndipo anachenjeza kuti tsiku limene wina adzadutse kachitsekoko, onse awiri adzawakweza basi.

"Koyamba zinangochitika," anatero mayiwo. "Anandiika pano kuti ndiwothe dzuwa. Foni inangoti zii m'manja, nyimbo n'kukamveka m'nyumba mwanga. Ndiye wina anazimitsa. Ndinadziwa kuti muli munthu."

Anapuma kaye, mng'ono wawo n'kuwapukuta pakamwa.

"Lamulungu ndimakumvani mukamavina. Mawuwo safika bwino, koma kugundako kumayenda pansi mpaka pabedi langa. Mumakonda yofulumira ija."

Kambalame anabisa nkhope m'manja. Anafuna kupepesa koma mawu onse anaoneka ochepa.

"Anakuuzani kuti ndili kuti?"

Maso aja anamudikira Kambalame.

"Anati munamwalira, mayi. Zaka ziwiri zapitazo."

Mng'ono uja anaponya chovala m'beseni mpaka madzi anathovukira pansi. Mayiwo anayang'ana masamba a gwafa nthawi yaitali, kenako mbali yamoyo ya milomo yawo inakwera pang'ono.

"Maliro anga anayenda bwino?"

Palibe anaseka. Misozi inatsika m'diso limodzi n'kulowa m'shawelo.

Foni ya Kambalame inanjenjemera m'thumba. "Ndaweruka msanga, duwa langa. Ndili m'njira. Undisungire kumwetulira." Anawerenga kawiri, n'kuibweza m'thumba. Mtima unkamupweteka ngati wina waupondapo ndi nsapato, chifukwa ngakhale pamenepo mbali ina ya iye inkafunabe kuyankha.

Anafunsa mayiwo chimene akufuna awachitire.

"Nthawi zonse mumazimitsa isanafike pamene ndimapakonda," anatero. "Ndikufuna ndiimve mpaka ithe. Ndili mkati."

Kambalame anayang'ana mng'ono uja. Mng'onoyo anayang'ana kachitseko, n'kupukuta manja pasiketi.

Anakankha njinga kudutsa pabwalo. Masitepe a khomo la kuseri anali atatu okha. Wina anagwira kutsogolo, wina kumbuyo, ndipo anakwera osapumira n'komwe. Pabalaza Kambalame anasuntha mpando wa Aphunzitsi n'kuimika njinga pamalo pake, poti ndi pamene mawu amakumana bwino. Anayambitsanso nyimbo. Tsopano siinkadukaduka. Mawu a besi anadzaza chipinda, oyera, ofunda, ndipo mayiwo anatseka maso, zala za dzanja lamanzere zikugunda pang'onopang'ono pabondo.

Kambalame anavula mphete. Inatuluka mosavuta. Anaiika patebulo, kiyi n'kumupatsa mng'ono uja m'manja, kenako anatenga chikwama chake n'kutulukira khomo la kutsogolo.

Anakumana nawo pageti. Aphunzitsi anali ndi mabuku m'khwapa ndi kamtolo ka maluwa m'dzanja. Anamwetulira, kenako anamva nyimbo ikutuluka pazenera, ndipo kumwetulirako kunauma.

"Kambalame, bwanji sunazule? Dikira, mtima wanga, ndikufotokozere."

Iye anawayang'ana bwinobwino, nkhope imene anaikonda miyezi yonseyi.

"Lowani, Aphunzitsi. Malemu akazi anu akukudikirani pabalaza."

Anawadutsa n'kulowa mumsewu. Kulira anakayambira pasiteji ya basi.