Kuwala Kofiira m'Chingwe cha Nambala 14

Ntchito yanga ndi yolumikiza zingwe za intaneti, zija amati faiba. M'kati mwake muli kagalasi kowonda ngati tsitsi, ndipo uthenga umayendamo ngati kuwala. Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, amaika intaneti yopanda chingwe, ya timbale ta padenga. Tikakumana sitichedwa kunyogodolana. Iwo amati ine ndine mfuko, ntchito kukumba basi. Ine ndimati zawozo zimaopa mvula ngati mchere.

Panali nyumba ina yosanjikiza, ya mabanja makumi awiri, imene tinkalimbirana makasitomala. Ambiri anabwera kwa ine. Mayi a pa nambala 14 anakana. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, ankakhala okha pamwamba penipeni. Anati safuna munthu woboola khoma lawo, kambale ka alamu kakuwakwanira pocheza ndi mwana wawo wokhala kunja. Chingwe chawo, chomwe ndinali nditachifikitsa kale pakhomo ngati cha ena onse, ndinachikulunga, kunsonga n'kumata tepi, n'kuchisiya m'siling'i pamwamba pa khomo lawo.

Panapita miyezi isanu ndi itatu.

Lachinayi lina mvula inayamba masana, yosalekeza. Cha m'ma seveni anandiitana kuti intaneti ya pa nambala 6 m'nyumba yomweyo yasiya. Bokosi lomwe zingwe zonse zimakumana lili kunsi kwa masitepe, pamdima. Ndinagwada, tochi kukamwa, n'kukonza. Sizinavute. Ndikulongedza, tochi inagwa n'kuzima.

M'pamene ndinakuona. Kuwala kofiira, kochepa ngati diso la khoswe, kunsonga kwa chingwe chimodzi.

Ife tili ndi katochi kofiira komwe timaunikira m'chingwe pofufuza pomwe chaduka. Kuti kuwala kutulukire kuno, pamafunika munthu woika katochiko kunsonga inayo. Ndinagwira m'thumba. Kanga kanali momwemo.

Kunaphethira katatu. Kunasiya. Kunaphethiranso katatu.

Ndinayatsa tochi n'kuwerenga kapepala ka pachingwepo. Zolemba zanga zomwe: 14.

Ndinaimbira alamu, kuganiza kuti ndi nthabwala zawo. Anati ali m'njira yobwera kunyumba yomweyo, mvula yagwetsa intaneti ya timbale tawo tonse kuyambira masana, alibe nthawi yoseweretsa mfuko. Ndinawauza kuti akafika akwere msanga ku nambala 14.

Ndinayamba kukwera. Babu la pamasitepe achitatu linali lakufa. Apo ndinaona munthu akutsika. Anavala ovololo, chikwama cha zida paphewa, chipewa chitaphimba kumaso. Chikwama cha zida chimalira munthu akamayenda. Chake chinali zii. Nsapato zakenso zii. Anapatuka kundipatsa njira, ndipo pomudutsa ndinamva kuzizira ngati wina watsegula firiji.

"Fulumirani, mlongo," anatero motsitsa mawu. "Akuzizidwa."

Ndinakwera masitepe awiri, n'kucheuka. Panalibe munthu. Ndinadikira kumva chitseko cha pansi, chomwe chimalira ngati mbuzi. Sichinalire.

Miyendo inkafuna kutsika, koma ndinaikakamiza kukwera. Pa nambala 14 ndinagogoda. Zii. Ndinaitana. Kenako ndinamva kubuula, kutali m'kati.

Alamu anafika ndi amlonda a panyumbapo, onse akupuma mwawefuwefu. Chitseko chinali chokhoma, ndi tcheni cham'kati chomwe. Alamu anachimenya ndi phewa kanayi chisanagonje.

Mayi aja tinawapeza kubafa, ali gone pansi, milomo itatuwa. Anaterereka cha m'ma thuu n'kuthyoka m'chiuno. Foni inali m'manja, koma kubafako netiweki sifika, ndipo intaneti inali itapita ndi mvula. Ndinawafunditsa jekete langa. Alamu anaitana ambulansi. Adokotala anatiuza pambuyo pake kuti akanagona pamenepo, sakanafika m'mawa.

Amlonda analumbira kuti kuyambira masana sanalowe wa ovololo wina kupatula ine. M'mawa mwake ndinakwera makwerero n'kutsegula siling'i. Chingwe chinali monga ndinachisiyira. Tepi yosakhudzidwa, fumbi lake losafufutika.

Anthu a m'nyumbamo anayankhula, aliyense zake. Ena ankanong'ona kuti wa pamasitepe uja ndi malemu amuna a mayiwo, amene kale ankagwira ntchito ya mawaya a telefoni. Ena ankati ndinatopa, maso anandinamiza. Kwa sabata yathunthu alamu sananditchule mfuko.

Mayiwo anatuluka m'chipatala patatha mwezi, akuyendera ndodo ziwiri. Mwana wawo analamula kuti tiike zonse ziwiri, chingwe ndi kambale, kuti china chikagona china chidzikhala maso. Tinagwira limodzi ntchitoyo, ine ndi alamu. Iwo anagwira makwerero, ine ndikuboola khoma lija. Mayi anakhala pampando akutiyang'anira ngati ana a mayeso, uku akudandaula fumbi.

Titamaliza anandiitana, nandigwira dzanja. Anati akuthokoza chifukwa cha chitseko, koma makamaka chifukwa chokhala nawo nthawi yonse ija alamu asanabwere.

Ndinafunsa kuti nthawi iti.

"Kuyambira pamene kunayamba kuda," anatero. "Munakhala pambali panga, mwandigwira dzanja, mukundiuza kuti ndisagone, anthu akubwera. Nkhope sindinaione ndi mdima uja. Manja anu anali ozizira, mwanangu, koma munandilimbitsa mtima."

Ndinayang'ana alamu. Iwo anali atayang'ana pansi, akupukuta sikuludiraiva yoyera kale.

Sindinawatsutse mayiwo. Ndinangowafinya dzanja, n'kuwauza kuti ayese kuimbira mwana wawo. Foni inalira kamodzi kokha, nkhope ya mwanayo n'kutulukira, akuseka.