Envulopu ya m'Dziwe la Abakha

Tamsin anaima kuseri kwa mpanda wa maluwa, khutu lili tcheru. Mbali inayo, pa kapinga wa hotela, bambo ake ankanong'onezana ndi Rosalind, mkazi amene anayamba kuyenda naye banja lawo ndi mayi a Tamsin litatha.

"Pasipoti ija ifika lero," anatero Rosalind. "Koma iwe Gareth, pakamwa pako sipagona nkhani. Usamuuze mwanayu."

"Ndasoka pakamwa, mayi," anayankha bambowo akuseka. "Adzadziwa zonse zitapsa."

Zitapsa eti? Tamsin anakukuta mano. Kukayika anayamba Lachisanu, tsiku limene anafika. Bambo ake anali munthu wa tenti, wogona m'mvula n'kumati ndiko kupuma. Nanga bwanji chaka chino anamubweretsa ku chinyumba chamiyala ichi, pakati pa mabusa a nkhosa a ku Devon, kumene ngakhale matawulo amachita kukutenthetsera? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tamsin anali ndi zaka khumi ndi zinayi, sanali khanda loti n'kulipusitsa ndi keke.

Anakwera masitepe mwakachetechete n'kulowa m'chipinda cha bambo ake. Sanavutike kufufuza. Pepala linali pansi pa buku, pafupi ndi bedi. Ulendo wa pandege wopita ku chilumba cha Crete, kunyamuka Lachitatu, kukakhala masabata awiri. M'munsi mwake munalembedwa kuti akuluakulu awiri.

Anawerenga katatu, koma mawuwo sanasinthe. Chichokereni bambo ake pakhomo, mwezi wa Ogasiti unali wake. Miyezi ina yonse ankawaona Loweruka lokha, koma Ogasiti ankakhala nawo wathunthu. Tsopano ankafuna kumunyengerera ndi masiku atatu a hotela, akamutule kwa mayi ake, iwo azikawothera dzuwa kunyanja ya Mediterranean ndi mkazi wobwera dzulo. Zinamupweteka kwambiri, mpaka anakhala pansi pa kapeti.

Masana akudutsa polandirira alendo, a Whitlock, bambo wachikulire woyang'anira pakhomo, anamukodola. M'manja anali ndi kambale kasiliva kamene amaperekera makalata m'zipinda.

"Ndinu mwana wa a Pellow, si choncho? Kalata ya bambo anu iyi. Ndipulumutseni ku masitepe, mayi wanga, mawondowa anapuma ntchito kalekale, ine ndekha ndiye ndatsala."

Tamsin analandira envulopuyo. Inali yomata zolimba, koma zala zake zinamva kabuku kolimba m'kati mwake. Pasipoti ya Rosalind! M'malo mokwera masitepe, anatulukira khomo la kumunda, n'kutsetsereka mpaka kudziwe la abakha. Anacheuka uku ndi uku, n'kuiponya. Envulopuyo inayandama ngati ikumuseka, ndiye anatola ndodo n'kuikankhira pansi pa matope.

"Kawothereni tsopano," anatero.

Nthawi ya tiyi, folo koloko, anakhala atatu pafupi ndi zenera lalikulu. Masikono, jamu ndi kirimu zinali mbwee pa mbale zosanjikiza, koma Tamsin sanakhudze kanthu. Rosalind ankangomwetulira, akumayang'ana kukhomo. Kumwetulirako n'kumene kunkamunyansa kwambiri mtsikanayo.

"Bwanji nkhope ngati walawa ndimu?" anafunsa bambo ake. "Idya, tili ndi nkhani yoti tikuuze."

"Musavutike, adadi. Ndikuidziwa."

"Ukudziwa chiyani?"

"Crete. Lachitatu. Pitani bwino, ine musandiganizire. Ndazolowera kukhala katundu wosiya pa siteshoni."

Azimayi awiri a patebulo loyandikana anasiya kutakasa tiyi.

"Ndaona pepala lanu," anapitiriza Tamsin. "Akuluakulu awiri! Mumayesa sindidziwa kuwerenga?"

Rosalind anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Tamsin, andege amati aliyense amene wakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri ndi wamkulu. Wachiwiriyo ndiwe. Ine sindikupita nawo, Lolemba ndikubwerera kuntchito."

"Bodza."

"Bodza la chiyani, mwana iwe?" anatero bambo ake. "Maganizo onsewa ndi a Rosalind. Anandiuza kuti mwanayu watopa ndi matenti ako, mutengere kumene kuli dzuwa, mupite awiriwiri. Miyezi iwiri wakhala akuthamanga ndi mafomu, kupempha amayi ako kuti asayine. Pasipoti yako yoyamba amayi ako aitumiza dzulo, timafuna tikupatse pompano." Anakweza dzanja. "A Whitlock! Kalata yanga sinafikebe?"

A Whitlock anayandikira, kambale kawo kali kukhwapa. Anangoyang'ana Tamsin, kenako n'kuyang'ana pansi.

Tamsin anakumbukira dziwe lija. Anadzuka, mpando n'kugwa, nathamanga kudutsa pa kapinga uja. Sanavule ngakhale nsapato. Analowa m'dziwe mpaka m'mawondo, abakha n'kubalalika akulira, iye akupapasa m'matope ndi manja onse awiri. Ataipeza envulopuyo inali itafewa ngati phala, ndipo inang'ambika yokha. Masamba a kabuku kaja anali atamatirirana, matope atalowa paliponse. Pa tsamba lolimba la kutsogolo panali nkhope yake ndi dzina lake.

Atatembenuka anapeza onse awiri ataima m'mbali mwa dziwe. Rosalind sanakalipe. Anamutambasulira dzanja, n'kumukoka kuti atuluke, diresi lake loyera likudontheredwa matope.

"Ndimayesa ndi yanu," anatero Tamsin, osatha kumuyang'ana kumaso. "Ndimafuna kuti musapite. Pepani."

"Ndamva," anayankha Rosalind motsitsa mawu. "Ukanangondifunsa, mwanawe."

Bambo ake anatenga kabukuko, n'kuyesa kutsegula masamba, koma ankangonyotsoka. Anapukusa mutu.

"Iyi sangailole pa bwalo la ndege. Ndipo ya mwana satulutsa tsiku limodzi. Lachitatu lifika ina isanabwere."

Tamsin anapukuta mphuno ndi mkono. Mawu amene ananena anamuwawa potuluka, koma anawanenabe. "Ndiye pitani ndi anti Rosalind. Malo asapite pachabe."

Bambo ake anamuyang'ana, maso atafiira.

"Iwe sunamvetsebe, eti? Kunyanjako ine ndilibeko m'bale. Ndimapitira iwe. Ngati iwe sukupita, palibe amene akupita."

Apo m'pamene Tamsin analira zenizeni, ataima pa kapinga, madzi akuchucha m'nsapato.