Diresi Lofiira, Diresi Lobiriwira

Adakumana pa siteji ya Chinamwali mvula ikukhuthuka, akabaza onse atathawa. Norah anali atanyowa kale pamene galimoto yoyera idaima.

"Chemwali, mukudikira chimfine? Kwerani!" adatero mnyamata wa mawu ozuna. Anali Raymond, wogula ndi kugulitsa masheya a makampani.

Norah ankayeza miyala ku kampani ina yofufuza golide. Pasanapite nthawi, foni yake idaleka kupuma.

"Golide wanga ndiwe. Ena akumbe mapiri, ine ndapeza kale."

Ndani sakadagwa nawo mawu oterewa? Mtsikana adakonda mpaka kuiwala kudya!

Kenaka kampani idaitana anthu oika ndalama mu migodi kumsonkhano wa Loweruka, kuhotela ya pamwamba pa phiri. Zotsatira za miyala zinali zoti zilengezedwe Lolemba. Lamulo lake ndi louma: wa m'kati akatsina munthu khutu anthu onse asanamve, ntchito yatha, mwinanso ndende.

Lachisanu Raymond adafika kunyumba kwa Norah ku Mtiya ndi madiresi awiri.

"Sindikuti uyankhule, mtima wanga. Ngati miyala ili ndi golide wambiri, mawa uvale lofiirali, ine ndigule masheya mtengo usanakwere. Ngati ndi wochepa, lobiriwirali."

"Raymond, ukufuna ndimangidwe?"

"Chovala chimamangitsa munthu? Ndi za ukwati wathu izi. Disembala ndikutuma amalume kwanu, ndalumbira!"

Norah adatsala akuyang'ana madiresi aja. Zotsatira ankazidziwa. Akane, ataye mwamuna? Alole, ataye ntchito?

Loweruka kuphiri kudachita nkhungu. Pakhonde la hotela, mabwana ankakangana.

"Magalamu angati pa tani ya miyala? Tiuzeni!" adakalipa mmodzi.

"Lolemba, bwana. Aliyense amve nthawi imodzi," adayankha mkulu wa kampani.

Maso a Raymond anali pakhomo. Norah adalowa atanyamula thireyi ya miyala. Adavala gawuni yake yoyera ya kuntchito, mabatani otseka mpaka m'khosi.

Adapita kwa Raymond nanong'ona, "Pepa, wokondedwa. Ndimakukonda, koma izi sindingathe. Ukwati tidzapanga ndi zochepa zomwezo."

Raymond sadamwetulire. "Wandiwonongera zonse, ukudziwa?"

Norah asanayankhe, mayi wina amene adakhala pampando wapafupi adadzuka, foni ili kukhutu. Adamuyang'ana Norah kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka adakoka Raymond mkono wa jekete.

"Bambo a Ella, achimwene akudikira pafonipa. Paja munati chofiira tigule, chobiriwira tisiye. Nanga choyerachi ndiye kuti chiyani?"

Thireyi idagwa, miyala idamwazika pasimenti. Bambo a Ella? Norah adaona mphete pa chala cha mayiyo, ndipo mtima udamuwawa koopsa.

Norah adagwada, natola miyala yake umodziumodzi, misozi ikudontha. Ataimirira adayang'ana mayi uja.

"Choyera ndiye kuti mutenge amuna anu, mayi. Madiresi ali kunyumba, mutumize munthu. Akukwanani onse awiri."