Mbendera Yachikasu ya Kugombe

Anyamata anaima pakati pa msewu atakweza maso kumwamba, onse akudikira kuti Shimul ayankhule. Koma Shimul, amene pakamwa pake sipankauma, tsiku limenelo anangoti kukamwa yasa.

"Tiuzeni, aphunzitsi," anatero Bablu, kaputeni wa timu yawo, akutafuna mtedza. "Ndi ya dziko liti imeneyo? Si paja mumati mbendera zonse mumazidziwa ngati abale anu?"

Mbenderayo inali pa denga la nyumba yomalizira, ya m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Inali yachikasu, yokhala ndi mizere itatu yabuluu: wautali, wapakatikati ndi kena kakafupi. Shimul anasanthula m'mutu mwake kuyambira ku Asia mpaka ku tizilumba ta m'nyanja, koma sanaipeze.

Matenda a mbenderawa anamugwira mwezi umodzi m'mbuyomo. Mpikisano wa mpira wa dziko lonse ukayandikira, anthu a m'tauni yawo ya Narayanganj amagawikana pawiri, ena Brazil ena Argentina, ndipo denga lopanda mbendera limaoneka ngati eni ake anasamuka. A Harun, amalume ake a Shimul, omwe anali telala, ankasoka mbendera osapuma, choncho anamuitana kuti aziwadulira nsalu akaweruka kusukulu. Tsiku lina kasitomala anabweza mbendera ya Brazil, akuti nyenyezi zake zinangomwazidwa ngati mpunga wa nkhuku. A Harun anati nyenyezi ndi nyenyezi basi. Koma Shimul zinamukhala pamtima. Atafufuza m'buku la mapu kusukulu, anapeza kuti nyenyezi iliyonse ili ndi malo ake, monga mmene zimaonekera kumwamba m'dzikolo.

Kuyambira pamenepo mnyamatayo sanagwirikenso. Anazindikira kuti pa mbendera palibe chimene chimangoikidwapo. Anadziwa kuti ya Nepal si ya ngodya zinayi ngati zinzake. Anadziwa kuti dzuwa lofiira la pa mbendera ya kwawo silili pakati penipeni, analisendeza pang'ono kumtengo kuti mphepo ikamaomba lizioneka lili pakati. Khoma la kuchipinda kwake linadzaza ndi zojambula, ndipo ankaphunzitsa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Ngakhale wogulitsa tiyi pakona ankati akamuona akubwera, ankayamba kutsuka makapu oyera kale.

Anzake ankamuseka, komabe ankamunyadira. Pa mpira Shimul anali mbuli, mwendo wake wamanzere sunkagwirizana ndi wamanja, ndiye mbendera ndi zimene zinamupatsa malo pagulupo. Tsopano malowo anali pa chiswe chifukwa cha kansalu kamodzi.

Nkhani inakula chifukwa msewu wawo wonse unagwirizana kuti ndi wa Argentina. Nyumba zonse zinali zabuluu ndi zoyera, ndipo kunamveka mphekesera yoti a wailesi yakanema abwera kudzajambula. Chikasu, monga aliyense akudziwa, ndi mtundu wa adani awo, a Brazil.

Shimul ankadziwa mwini nyumbayo. Munkakhala Jhuma, mtsikana wofatsa wa m'kalasi mwake, amene ankajomba kawirikawiri chifukwa mayi ake sanapezebe bwino chibadwire kamwana kawo. Kumufunsa kunali kosavuta, kungogogoda pachitseko basi. Koma katswiri wa mbendera akafunse kwa mtsikana amene amalephera mayeso a mapu? Anzake onse akuona?

"Mbendera yotero kulibe pa dziko lonse lapansi," anatero Shimul mokweza, manja ali m'thumba. "Ndi chisanza chabe. Wina wangofuna kutiputa ndi chikasu chakecho."

Anyamata anaseka, Bablu namusisita pamsana. Anati popeza katswiri wagamula, katswiri yemweyo ndi amene akachitsitse. Shimul anavomera mosanyinyirika, ndipo kunena zoona mtima wake unali mbee, chifukwa dzina lake linali litapulumuka.

Mawa lake ataweruka anapeza nyumbayo ili yokhoma ndi loko. Anakwera pa mtengo wa mango wa pafupi, nadumphira padenga, n'kumasula chingwe pa nsungwi. Nsalu ija itafika m'manja mwake anaima kaye. Mwana wa m'nyumba ya telala sasowa kuuzidwa: m'mphepete anapinda kawiri kuti mphepo isang'ambe, mizere ija anaisoka mbali zonse ziwiri kuti izioneka kulikonse, ndipo ulusi unayenda mowongoka ngakhale unali wa pamanja. Chisanza sachisoka choncho. Wina anakhala pansi n'kuganiza.

Pansi anyamata anali akuimba likhweru. Shimul anakankhira nsaluyo m'chikwama chake cha mabuku, namangirira ya Argentina, natsika akumwetulira ngati wagoletsa chigoli.

Dzuwa litapendeka anyamatawo anali akusewera mpira pa mchenga wa kugombe. Pamtsinje pankadutsa maboti onyamula mchenga, olemera mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa m'kati. Palibe amene ankawalabadira, amadutsa tsiku lililonse. Kenaka pa boti lina panabuka phokoso. Munthu wina anali akukangana ndi woyendetsa, akuloza kumtunda. Woyendetsayo anapukusa mutu. Munthu uja anavula malaya n'kudziponya m'madzi.

Mpira unaima. Anamuona akusambira movutika m'madzi akudawo, mafunde a boti akumumiza n'kumutulutsa. Atafika kugombe sanapume n'komwe. Anathamanga wopanda nsapato, madzi akuchucha, nalunjika ku nyumba yomalizira ija. Ataona loko pachitseko anayamba kumenya ndi zibakera.

"Amake Jhuma! Amake Jhuma!"

Bamboyo anatsetsereka n'kukhala pansi pakhomo, atagwira kumutu, akulira ngati mwana. Shimul anali asanaonepo munthu wamkulu akulira chotero. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zawo. Mayi wina anati awo ndi a Mobarak, bambo ake a Jhuma, amene amagwira ntchito m'maboti.

Nthawi yomweyo pakona panatulukira njinga ya matayala atatu yonyamula anthu. Munatsika Jhuma atanyamula kamwana, kenaka mayi ake, akuyenda pang'onopang'ono ndi kapepala ka mankhwala m'manja. Ankachokera kuchipatala. A Mobarak anadzambatuka, nawagwira akazi awo mapewa, nawayang'ana kumaso, nayang'ana kamwana, osakhulupirira.

"Muli moyo? Nanga mbendera ili kuti?"

Jhuma anayang'ana kudenga, nkhope yake n'kusintha. Anatembenukira khamu lija, ndipo mtsikana amene m'kalasi mawu ake sankamveka anayankhula msewu wonse ukumva. Anati foni ya bambo ake anaigulitsa pogula mankhwala. Boti lawo limadutsa pano kamodzi pa sabata ndipo siliima, mwini wake ananeneratu kuti wotsika panjira asadzabwererenso. Ndiye iye anasoka mbendera ndi nsalu yakale ya mayi ake. Anasankha chikasu chifukwa chimaoneka patali ngakhale mvula ikugwa. Mzere wautali ndi mayi, wapakatikati ndi iyeyo, kakafupi ndi kamwana. Bambo ake akaiona ankadziwa kuti onse atatu ali bwino, n'kupitirira mtima uli m'malo. Anagwirizana kuti tsiku limene sadzaiona, adzadziwe kuti kwagwa zovuta.

"Watsitsa ndani?" anafunsa.

Shimul atacheuka anapeza Bablu palibe. Ena aja nawonso anali akuzemba mmodzimmodzi, wina akunamizira kufunafuna mpira. Iyenso akanatha kuchoka. Chikwama chinali chotseka, ndipo palibe wamkulu amene anamuona padenga. Koma miyendo inakana kubwerera m'mbuyo. Anapita kutsogolo, natsegula chikwamacho, natulutsa nsalu yachikasu ija itakwinyika pakati pa makope.

"Ndine, bambo," anatero. "Sindinaidziwe. Ndinachita manyazi kunena kuti sindikuidziwa, ndiye ndinati ndi chisanza."

Anadikira khofi, ndipo akanalilandira mokondwa. Koma a Mobarak sanakweze dzanja. Anamuyang'ana mnyamatayo, kenaka anayang'ana kumtsinje. Boti linali litafika kale patali, kautsi kake kokha kakuoneka pokhota madzi, ndipo malaya awo ndi ntchito yawo zinali momwemo.

"Amalume ako ndi a Harun, eti?" anatero motopa. "Ukanaitsitsa dzulo kapena mawa, mwana wanga, bwenzi nditangoseka."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa khofi. Shimul anathamangira ku mtengo wa mango uja, nakwera mosasamala za nthambi zimene zinkamukala. Anamasula ya Argentina n'kuisiya igwe pansi, anthu akuona. Anayamba kumanga yachikasu ija mwachangu, zala zikuphonya mfundo.

"Shimul," anaitana Jhuma ali pansi. Sanakalipe. "Usavutike. Amene ankaiyang'ana ndi awa ali apawa."

Shimul anakhala padengapo chingwe chili m'manja. Mphepo ya kumtsinje inkaomba bwino, mphepo yeniyeni ya mbendera, koma pamadzi panalibenso wina woti aione. Anamasula mfundo ija natsika pang'onopang'ono. Atafika pansi anayala nsaluyo pa bondo lake, nawongola makwinya ndi chikhatho, naipinda bwinobwino ngodya ndi ngodya, mizere itatu ija ili pamwamba. Kenaka anaipereka kwa Jhuma ndi manja awiri.

Jhuma anailandira, nalowa m'nyumba pambuyo pa makolo ake. Pa khonde panangotsala madzi amene anachucha m'thupi mwa bambo ake.