Sabela Aitana Mphepo

Sabela ankafuna nsomba za sadini. Ankafuna sadini zowotcha pa buledi wa chimanga. Phwando la Yohane Woyera linali pafupi. Popanda sadini, limenelo si phwando.

Koma boti la bambo ake linkabwera lopanda kanthu. Lolemba, lopanda kanthu. Lachiwiri, lopanda kanthu. Bambo ake anasiya kuseka. Sabela anamva chisoni.

Anathamangira kudoko. Anapeza azakhali ake a Ramona. Ntchito yawo inali yoyeza madzi a m'nyanja.

"Azakhali, sadini zapita kuti?"

"Taponda m'madzimu," anatero azakhali.

Sabela anaponda. "Eee, ndi ofunda! Abwino kusambiramo!"

"Abwino kwa iwe. Kwa sadini ndi njala."

Azakhali anatunga madzi m'botolo. Anam'patsa galasi lokulitsa zinthu. Sabela anasuzumira. Anaona kanthu kakang'ono ngati kamchenga. Kanali ndi diso limodzi. Kanali ndi tinyanga tiwiri titalitali. Kanadumpha. Kanadumphanso.

"Utitiri!" anakuwa Sabela.

Azakhali anaseka. "Si utitiri, iwe. Ndi kanyama kotchedwa kopepodi. Sadini zimadya timeneti. Tawerenga."

"Kamodzi, tiwiri, titatu. Basi?"

"Basi. Tikudikira mphepo ya kumpoto. Mphepoyo imakankhira madzi ofunda kutali. Madzi ozizira amakwera kuchokera pansi. Amabwera ndi chakudya. Tinthuti timadya, timachuluka. Kenako sadini zimabwera."

Sabela anaganiza. Ankadziwa lamulo la asodzi. Padoko saimbapo mluzu. Akuti mluzu umaitana mphepo. Ndiye mukuganiza anachita chiyani mwana ameneyu?

Fyooo! Fyooo!

"Iwe Sabela!" anakuwa bambo ake ali m'boti. "Ukufuna kutimiza m'nyanja? Tseka pakamwapo!"

"Ndikuitana mphepo ya kumpoto, ababa."

Asodzi ena anapukusa mitu. Sabela anachita manyazi. Koma ali kunjira anaimbanso, pang'ono pokha.

Lachitatu kunali zii. Lachinayi kunali zii. Lachisanu zovala zinayamba kuvina pachingwe. Mphepo! Inaomba lero. Inaomba mawa. Inaomba sabata yonse.

Sabela anathamangira kudoko. Anaponda m'madzi.

"Mayo ine! Akuluma kuzizira!"

Anavina ndi chimwemwe, mano akugundana. Azakhali anatunganso madzi m'botolo.

"Tawerenga."

"Kamodzi, tiwiri, khumi... Tasiyani kudumpha, tinthu inu! Azakhali, tinthuti tachuluka, sinditha!"

Pa tsiku la phwando, boti linabwera lolemera. Mbalame zinkalitsata, zikulira. Msewu wonse unanunkhira sadini zowotcha. Sabela anaika sadini pa buledi wa chimanga. Mafuta anatsikira m'zala.

"Azakhali, ndi mluzu wanga uja, eti?"

"Mphepo ilibe makutu, iwe," anatero azakhali. "Imabwera nthawi yake ikakwana."

Sabela anagwetsa nkhope. Bambo ake anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako anawerama.

"Usauze munthu," ananong'ona. "Inenso ndinaimba mluzu. Kawiri!"

Sabela anaseka mpaka buledi anagwa. Bambo ake nawonso anaseka.