Tsiku Limene Waya Anazimitsa Fani

Anzawo akuntchito amakumbukabe momwe Waya ndi mkazi wake ankalowera pageti m'mawa, wina atanyamula chikwama cha mnzake. Waya linali dzina longomupatsa, poti anali wokonza magetsi pakampanipo. Mkaziyo ndiye anali wasukulu. Ankasakaniza ufa wa miyala n'kumaupaka pa timbale tonga tadothi, timene tikatenthedwa n'kupatsidwa mpweya woyaka wa haidirojeni timatulutsa magetsi. Mbali yopakidwayo, imene amati kathodi, inkang'aluka ikakhalitsa pamoto, ndipo iye ankafunafuna ufa wopirira.

Zinthu zinapindika atabwera mkulu watsopano wa kafukufuku, amene ankangomuti Dokotala. Iyeyu analamula kuti m'chipinda choyesera timbaleto muzikhala anthu awiri okha, chitseko chili chitsekere, chifukwa fumbi kapena kamphepo kozizira kamawononga ntchito ya mwezi wathunthu. Awiriwo anali iye mwini ndi mkazi wa Waya, maola asanu tsiku lililonse.

Mayi wokolopa ndiye anakoleza moto. Anapeza Waya ali pamakwerero m'khonde n'kumuseka: "Achimwene, inu muzingosintha mababu kunja kuno. Magetsi enieni akupangidwa m'katimo."

Mawu a nthabwala salemera, koma akagwera mumtima wokayika amasanduka mwala. Waya anayamba kupeza mawaya ofunika kukonza pafupi ndi chitsekocho. Ankamva kulira kwa fani yotulutsa mpweya, kenako kuseka, kenako zii. Ziiyo ndiye ankamupha. Kusiya ntchito sakanatha, kulowa sankaloledwa, kufunsa anzake kunali kudzivula.

Kunyumba mkaziyo anafotokoza mpaka kutopa kuti m'chipindamo amangoyang'ana manambala.

"Manambala amaseketsa?" anafunsa Waya.

"Bambo a mwana, kambale kanga kapirira maola mazana atatu osang'aluka. Ndimati musangalala nane."

"Tsegulani chitseko ndisangalale bwino."

"Ndikatsegula ndataya zonse. Kodi zaka khumi zonsezi tili pabanja simunandidziwebe?"

Lachinayi masana Waya anapita pabokosi la maswichi n'kuzimitsa fani ija. Ankaganiza kuti kutentha kukawathina atsegula okha, iye awaone nkhope. Anaimirira m'khonde akudikira. Chitseko sichinatseguke. Paipi ina inkadontha haidirojeni pang'onopang'ono, mpweya wopanda fungo umene fani inkautaya panja masiku onse. Tsikulo unadzaza kudenga mpaka unakumana ndi moto wa ng'anjo yotenthera timbale tija n'kuphulika.

Dokotala anapulumuka atapsa manja ndi nkhope. Mkazi wa Waya anamwalira asanafike kuchipatala.

Kukhoti Waya analira kuti sanafune kupha munthu. Apongozi ake anakhala kumbuyo atagwira mdzukulu wawo dzanja, osamuyang'ana Waya n'komwe. Woweruza anangomufunsa ngati iye, monga wamagetsi, ankadziwa ntchito ya faniyo.

"Ndinkaidziwa, bwana. Ndinaiika ndine."

Anamulamula kukhala kundende zaka khumi ndi zinayi.

Lero Waya amagona pansi pakati pa anthu makumi atatu, potembenuka amachita kupempha mnzake. Mwana wake sanabwereko, ndipo akuchikazi anamusintha sukulu. Nsanje siichotsa nzeru m'mutu mwa munthu ayi. Imamusiyira zonse zimene akudziwa, n'kungomunong'oneza kuti lero lokha palibe chichitike.